Bwinja la Allensworth

Kwathu kuno dzina la mudzi kawirikawiri limakhala dzina la munthu. Tikati tikupita kwa Kalolo kapena kwa Chimutu, timakhala tikutchula kholo, ndipo dzina la khololo amalilowa mwana wa mlongo wake, kenako wina, mpaka lero. Mudzi ukasamuka dzina limasamuka nawo. Pamalo akalewo pamatsala bwinja, pamene pamangooneka mitengo ya mango yopanda mwini, mapale ndi manda. Ku America kulibe mwambo wolowa dzina chotere. Tauni ikatha anthu, olemba mapu amangofufuta dzina lake, ndipo pakapita zaka makumi angapo ngakhale adzukulu a amene anabadwira pamenepo amasowa poloza.

M'chigwa cha San Joaquin ku California, m'boma la Tulare, kumpoto kwa mzinda wa Bakersfield, kuli bwinja limene linatsala pang'ono kufufutidwa chomwecho. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati mphasa, lotentha kwambiri m'chilimwe, ndipo malo ena nthaka imachita mbuu ndi mchere. Pafupi pamadutsa njanji. Pali nyumba zamatabwa zingapo zotalikirana, tchalitchi, ndi sukulu yokhala ndi kansanja ka belu pamwamba. Malowa dzina lake ndi Allensworth, ndipo ndiyo tauni yokhayo m'California imene anthu akuda anaiyambitsa, kuilipirira ndi ndalama zawo ndi kuilamulira okha. Mwini dzinalo anabadwa ali kapolo.

Allen Allensworth anabadwa pa 7 Epulo 1842 mumzinda wa Louisville ku Kentucky. Anali chitsiriza m'banja la ana 13 la Levi ndi Phyllis. Amayi ake anali kapolo wa banja la Starbird, ndipo Allen ali wamng'ono anapatsidwa kwa mwana wa m'nyumbamo, Thomas, kuti azimutumikira. Thomas atayamba sukulu, ankati akaweruka n'kumasewera ndi Allen masewera a mphunzitsi ndi mwana wasukulu, ndipo m'masewera omwewo kapoloyo anayamba kuzindikira zilembo. Eni nyumba atatulukira, anawalekanitsa anawo n'kumupereka Allen kubanja lina la Talbot. Koma mayi wa m'banja limenelo, wa mpingo wa Quaker, anapitiriza kumuphunzitsa. Apa eni ake anatsimikiza mtima: mu 1854, ali ndi zaka 12, anamukweza sitima yapamadzi kupita ku esiteti ina ku Henderson, kuti khasu ndi chikoti zimuiwalitse mabuku.

Buku la mbiri yake, limene Charles Alexander anasindikiza mu 1914, limasimba kuti potsanzikana amayi ake anamupatsa kandalama ka theka la dola kuti akagule buku ndi chipeso. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri. Mayi amene sankatha kuwerenga, amene ana ake ambiri anali atagulitsidwa kale kapena kumwazikana, ankadziwa bwino lomwe kuti mwanayo akumuchotsa chifukwa cha buku, komabe ndalama yake yokhayo anaipereka kuti agule buku lina. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene nyumba yokongola koposa m'tauni ya Allensworth inali sukulu ayambire pamenepa.

Ku Henderson mnyamatayo anathawa kawiri, ndipo kawiri konse sizinatheke. Atatopa naye anamugulitsa pamsika wa akapolo, kenako anagulitsidwanso ku Memphis, mpaka anakafika ku New Orleans. Kumeneko anagulidwa ndi Fred Scruggs, munthu wa mahatchi a mpikisano, amene anamusandutsa wokwera pahatchi. Mahatchi omwewo ndiwo anamubwezera kwawo, pakuti nkhondo yapachiweniweni ya ku America itayamba, Scruggs anapita nawo ku Louisville kukachita mpikisano. Mu 1862 Allen anakumana ndi asilikali a boma a gulu la 44th Illinois. Anavala yunifolomu yawo, anadzipaka matope kumaso, natuluka nawo mumzindawo. Anayamba wathandiza kusamalira ovulala, kenako mu Epulo 1863 analowa usilikali wapamadzi ndipo anagwira ntchito m'sitima zankhondo ziwiri, Queen City ndi Tawah, mpaka nkhondo itatha mu 1865.

Zaka makumi anayi zotsatira zingathe kudzaza buku pazokha, koma pano tizidutse mwachangu. Anachitako malonda a malo odyera ku St. Louis pamodzi ndi mchimwene wake William. Anabwerera kusukulu ali munthu wamkulu, anaphunzitsa ana a akapolo omasulidwa, ndipo mu 1871 anadzozedwa kukhala mbusa wa mpingo wa Baptist. Mu 1877 anakwatira Josephine Leavell, woimba limba ndi mphunzitsi wa nyimbo, ndipo anabereka ana aakazi awiri, Eva ndi Nella. Mu 1886 Pulezidenti Grover Cleveland anamusankha kukhala mbusa wa asilikali akuda a gulu la 24th Infantry. Anayenda nawo m'misasa ya ku New Mexico, Utah mpaka ku Philippines, ndipo kulikonse ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa asilikali kuwerenga, kulemba ndi luso la manja. Pamene ankapuma pantchito mu 1906 anali ndi udindo wa lieutenant colonel, umene panalibe munthu wakuda wina aliyense anali ataufikapo m'gulu lankhondo la America.

Munthu wazaka 64, wokhala ndi penshoni yabwino ndiponso nyumba mu Los Angeles, akanatha kungokhala pakhonde n'kumalandira alendo. Koma zimene ankamva ndi kuona sizikanamulola. Kumwera kwa dzikolo malamulo a tsankho anali atawalanda anthu akuda ufulu wovota, ndipo kupachika munthu pamtengo popanda mlandu inali nkhani ya chaka ndi chaka. Ku California malamulo anali ofewerapo, koma zitseko zinali zotseka chimodzimodzi. Mnzake William Payne, amene anaphunzira ku Denison University ku Ohio ndipo anali ataphunzitsapo ku West Virginia, atafika ku California anasowa sukulu yomulemba ntchito. Awiriwa anagwirizana kuti m'malo mogogoda pazitseko za ena mpaka kale, ndi bwino kumanga mudzi wawowawo, pamene munthu wakuda adzalime munda wake, kuphunzitsa ana ake ndi kuweruza milandu yake.

Maganizo amenewa sanali achilendo nthawi imeneyo. Booker T. Washington ankawalalikira ku Tuskegee ku Alabama, ndipo Allensworth ankafuna kuti mudzi wake udzakhale Tuskegee ya kumadzulo. Ife a ku Malawi tinawamvapo maganizo omwewa, pakuti John Chilembwe, amene anaphunzira ku Lynchburg ku Virginia, anabwera kudzatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu mu 1900 mothandizidwa ndi a Baptist akuda a ku America, ndipo nayenso ankakhulupirira sukulu, ntchito za manja ndi kudziimira. Abusa awiriwa anamwera chitsime chimodzi, ndipo imfa zawo zinangosiyana miyezi yosakwana isanu.

Mu Juni 1908 Allensworth, Payne, mbusa William Peck, John Palmer amene anali wa migodi, ndi Harry Mitchell wogulitsa malo, anakhazikitsa bungwe lotchedwa California Colony and Home Promoting Association. Kupeza wogulitsa malo kwa anthu akuda kunali kovuta. Amene anavomera anali a kampani ya azungu ya Pacific Farming Company, imene inali ndi malo pa kasiteshoni ka njanji ya Santa Fe kotchedwa Solito. Pamaso zonse zinkaoneka bwino. Malo anali otsika mtengo. Sitima zapakati pa Los Angeles ndi San Francisco zinkaima pomwepo. Ndipo madzi analipo: ukaboola pansi ankatumphuka okha popanda pampu. Kampaniyo inalonjeza kuti idzakumba zitsime zokwanira mudzi ukamakula. Mu Ogasiti chaka chomwecho tauniyo inalembedwa m'kaundula, ndipo anthu anaipatsa dzina la mtsogoleri wawo.

Mabanja anabwera kuchokera ku Kansas, Arkansas, Ohio, Colorado ndi madera ena. Ambiri anali asilikali opuma a 24th Infantry amene ankamudziwa mbusa wawo ndi kumukhulupirira. Ena anagula mapuloti osasamukirako n'komwe, pongofuna kukhala ndi gawo m'chinthucho. Misewu anaitcha mayina a anthu amene analimbana ndi ukapolo kapena kukweza mtundu wawo: Sojourner, Douglass, Attucks, Dunbar, Stowe. Positi ofesi inatsegulidwa mu 1909. Joshua Singleton ndi Zebedee Hindsman anali ndi masitolo, Frank Milner ankameta anthu, panali hotela, bekale ndi malo osungira mahatchi. M'minda ankalima msipu wa alfalfa, tirigu, balere, thonje ndi mbewu ya shuga ya sugar beet. Ankaweta ng'ombe zamkaka, nkhuku, nkhukundembo ndi akalulu. Alimi a madera oyandikana, azungu omwe, ankabwera ndi ngolo za tirigu kudzakweza pasiteshoni, ndipo ankagula m'masitolo a m'tauniyo ndi kugona m'hotela yake.

Mu 1912 anthuwo anavomereza kudzisenzetsa ngongole ya madola 5,000 kuti amange sukulu. Payne, uja anasowa ntchito mumzinda, ndiye anali mphunzitsi wamkulu. Masana munali ana, madzulo munali misonkhano ya mudzi, mitsutso, kwaya ya atsikana ndi bungwe la amayi. Kasukulu kamene ankagwiritsa ntchito poyamba Josephine Allensworth anakasandutsa laibulale, naitcha dzina la amayi ake, Mary Dickerson. Mu 1914 derali linapatsidwa mphamvu yokhala ndi bwalo lake la milandu ing'onoing'ono, ndipo anthu anasankha Oscar Overr kukhala woweruza, munthu wakuda woyamba kukhala pa udindo umenewo m'California. Pofika chaka chimenecho tauniyo inali ndi anthu oposa 200. Chiwerengerocho n'chochepa, mudzi wa nyakwawa imodzi kwathu ungapose pamenepo. Koma ambiri mwa akuluakulu a pamenepo anabadwa ali katundu wa munthu wina kapena anali ana a anthu otero, ndipo tsopano ankavotera woweruza wawo.

Chimene chinaupha mudziwo chinali pansi pa mapazi awo kuyambira tsiku loyamba. Allensworth inamangidwa m'mphepete mwa malo amene kale panali nyanja ya Tulare, nyanja yamadzi abwino imene inali yaikulu kuposa ina iliyonse kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi. Inali yosazama, yodzala mabango, nsomba ndi mbalame, ndipo inkakula ndi kuphwa motsatira mvula monga imachitira nyanja ya Chilwa. Eni ake enieni anali anthu a mtundu wa Yokuts, amene anapirikitsidwa azungu atafika. Kenako alimi akuluakulu anapatutsa mitsinje ya Kings, Kaweah, Tule ndi Kern kuti azithirira minda yawo, mpaka nyanjayo inauma. Madzi otumphuka okha amene Allensworth ndi anzake anaona mu 1908 anali otsalira a nyanja imene inali itafa kale. Chaka chilichonse alimi ozungulira ankaboola zitsime zambiri ndi zozama, zokhala ndi mapampu amphamvu, ndipo madzi apansi ankatsikiratsikira. Kamtsinje ka Deer Creek, kamene kankathandiza kuthirira, nakonso kanapatutsidwa kumtunda.

Pacific Farming Company sinasunge lonjezo lake. Inakumba zitsime zochepa chabe, ndipo kampani yamadzi imene inakhazikitsa inaisunga m'manja mwake. Anthu a m'tauniyo analimbana nayo mwalamulo mpaka mu 1913 anatenga ulamuliro wa madziwo, koma chimene analandira chinali zida zakutha ndi ngongole. Pamene ankamaliza kubweza ngongolezo, madzi anali atapita pansi kwambiri moti zitsime zawo sizinkawafikanso, ndipo ndalama zoboolera mozama ngati anansi awo analibe. Nthaka nayo inaonetsa khalidwe lake. Dothi la pansi pa nyanja yakale limakhala ndi mchere, ndipo mcherewo umafuna madzi ambiri oukokolola. Ukathirira mopereweza, dzuwa limaukokera pamwamba, mbewu n'kupserera.

Ena amanena kuti oyambitsawo anapusitsidwa chifukwa sanali alimi. N'zoona kuti msilikali, mphunzitsi, mbusa, wa migodi ndi wogulitsa malo si anthu amene angalawe dothi n'kudziwa chimene lidzabereke. Koma ine sindiwaimba mlandu wa kusazindikira. Anagula pamene anawalola kugula. Malo a nthaka yabwino ndi madzi odalirika analipo ochuluka m'chigwa chomwecho, koma sankagulitsidwa kwa anthu a khungu lawo. Cholakwa chimene ndimachiona ndi chimodzi: analemba pangano lokhala ndi mwini munda mbali ino ndi mwini madzi mbali inayo. Aliyense amene analimapo dimba kumunsi kwa munthu wamphamvu wokhala kumtunda kwa mtsinje akudziwa mmene pangano lotere limathera.

Chaka cha 1914, chimene chikanakhala cha chikondwerero, ndicho chinasanduka cha maliro. Kampani ya Santa Fe inamanga kanjanji kopatukira ku tauni yoyandikana ya Alpaugh, ndipo katundu yense wa alimi a m'deralo anayamba kukwezedwera kumeneko. Ngolo za tirigu zinaleka kubwera. Hotela ndi masitolo zinataya makasitomala. Kenako pa 13 Seputembala, Allensworth ali ku Monrovia pafupi ndi Los Angeles kumene anapita kukalalikira, anagundidwa ndi njinga yamoto pamene ankadutsa msewu. Anamwalira mawa lake, ali ndi zaka 72. Anaikidwa m'manda a Rosedale mu Los Angeles, kutali ndi mudzi wa dzina lake.

Panali patatsala chiyembekezo chimodzi, sukulu ya ntchito za manja, Tuskegee ya kumadzulo ija. Ikanamangidwa ndi ndalama za boma, ikanabweretsa ophunzira, aphunzitsi ndi malipiro osadalira mvula kapena chitsime. Bilu yake inafika kunyumba ya malamulo ya California koma inagwa mu 1915, ndipo ena mwa amene anaitsutsa kwambiri anali atsogoleri akuda a ku Los Angeles ndi San Francisco. Asaweruzidwe msanga. M'boma lomwelo la Tulare, mumzinda wa Visalia, bambo wina wakuda dzina lake Edmond Wysinger anali atasumira sukulu imene inakana mwana wake, ndipo mu 1890 khoti lalikulu la California linagamula kuti kupatula ana akuda m'sukulu za boma n'kosaloledwa. Otsutsawo ankaopa kuti boma likangomanga sukulu imodzi ya anthu akuda okha, tsankho limene analigonjetsa kukhoti lidzalowera pakhomo lakuseri. Mbali zonse ziwiri zinkafunira ana awo zabwino. Mbali imodzi inapambana, ndipo Allensworth inalipira.

Kuchokera apo mudzi unayamba kutha pang'onopang'ono. Anyamata anapita kunkhondo yoyamba ya dziko lonse ndipo ambiri sanabwererenso kukhasu. Payne anasamukira ku El Centro kukaphunzitsa. Josephine anabwerera ku Los Angeles kukakhala ndi mwana wake. Otsala anayamba kugwira maganyu m'minda ya thonje ya anthu omwe aja anawamwera madzi. Nyumba zina zinagwa, zina anazipasula n'kutenga matabwa. Mu 1966 akuluakulu a zaumoyo anapeza kuti madzi akumwa a pamenepo ali ndi arsenic wambiri, poizoni wachilengedwe amene amakhala m'dothi la pansi pa nyanja yakaleyo. Mabanja enanso ananyamuka. Dzina la Allensworth linayamba kusowa pamapu, ndipo panali maganizo osalaza zotsalazo kuti pakhale minda.

Amene anatchinjiriza mudziwo ku pulawo sanali wa magazi a Allensworth. Anali Cornelius Ed Pope, amene anakhalako pamudzipo ali mwana, ndipo atakula ankagwira ntchito yojambula mapulani kudipatimenti ya boma yosamala malo a mbiri. Pope anaona kuti mwa malo onse amene boma la California linkasunga monga chikumbutso, panalibe amene ankasimba za anthu akuda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 iye ndi anzake anaumirira nkhaniyi mosatopa. Mu 1972 malowo analembedwa m'kaundula wa dziko lonse wa malo a mbiri, ndipo mu Okutobala 1976 anatsegulidwa monga Colonel Allensworth State Historic Park. Sukulu ya 1912 ija anaikonza. Nyumba ya Allensworth, laibulale, tchalitchi cha Baptist, hotela ndi masitolo, zina anazikonza, zina anazimanganso potsata zithunzi ndi zimene okalamba ankakumbukira.

Apa ndi pamene nkhani ya dzina imandibwerera. Allensworth anasiya ana aakazi awiri, ndipo mwa mwambo wa kumeneko mkazi akakwatiwa amatenga dzina la mwamuna wake. Adzukulu ake anakula akudziwika ndi mayina ena. Kukanakhala kwathu, dzina likanapeza wolilowa. Kumeneko amene analilowa ndi mudzi. Ndipo mudziwo unamupatsa mbumba yoposa ya m'nyumba mwake, chifukwa lero zidzukulu za a Hindsman, a Singleton, a Overr ndi mabanja ena zikafunsidwa kumene makolo awo anachokera, zimatchula dzina la munthu amene si gogo wawo wowabereka. Kwa anthu amene ukapolo unawadulira mibadwo, amene ambiri satha kulondola makolo awo kupyola 1865, kukhala ndi malo oloza n'kunena kuti agogo anga anamanga apa, anaphunzira apa, ndi chuma chachikulu. Mwezi wa Okutobala chaka chilichonse amasonkhana pabwinjapo pamwambo wokumbukira, ena atabwera pasitima, imene imaima pamenepo gulu likapempheratu.

Koma alendo ambiri amabwerera asanayang'ane kuseri kwa mpanda wa paki. Pafupi pomwepo pali mudzi wamoyo wa anthu pafupifupi 500, umene ukutchedwabe Allensworth. Ambiri mwa iwo ndi mabanja olankhula Chisipanishi ogwira ntchito m'minda ya ena, pamodzi ndi mabanja akuda owerengeka. Analowa dzina, analowanso vuto la madzi. Kwa zaka zambiri akhala akusakaniza madzi a zitsime ziwiri kuti arsenic achepe, ndipo amene angathe amagula madzi a m'mabotolo. Mu 2022 boma la California linapatula madola 40 miliyoni okonzera malo a mbiriwa ndi ntchito zina za m'deralo. Chaka chotsatira, mvula ndi chipale chosungunuka cha m'mapiri a Sierra Nevada zinadzaza mitsinje inayi ija, nyanja ya Tulare inabwerera n'kumiza minda yambirimbiri, ndipo mu Malichi 2023 anthu a ku Allensworth analamulidwa kusamuka. Ambiri anakana. Anatenga mafosholo ndi matumba a mchenga, nakatseka okha njira za madzi m'mbali mwa njanji, ndipo sukulu imene anthu aja anamanga mu 1912 idakalipo.